Zidutswa Khumi ndi Chimodzi

Inali naini koloko m'mawa. Kunja kunkawaza kamvula.

Kansingano anakhala pansi m'shopu ya bambo ake. Bambo ake anali telala. Ndiwo anamupatsa dzinali, chifukwa anali wowonda ndipo ankalowa paliponse.

Kansingano ankafuna pilokesi yakeyake. Anali ndi zidutswa za nsalu. Zonse zinali zofanana kukula. Zinadulidwa ku madiresi a amayi ake. Amayi ake anamwalira chaka chatha.

Anawerenga zidutswazo. Zinali khumi ndi chimodzi.

"Bambo, mundisokere," anatero.

"Uziyale kaye m'mizere," anayankha bambo ake. "Mizere ikhale yofanana. Ikafanana, ndisoka."

Pabenchi panakhala a dalaivala a basi. Ankadikira buluku lawo. Zipi yake inali itafa.

Kansingano anayala zidutswa ziwiriziwiri. Mizere inakwana isanu. Chimodzi chinatsala.

Anayala zitatuzitatu. Mizere inakwana itatu. Ziwiri zinatsala.

Anayala zinayizinayi. Mizere inakwana iwiri. Zitatu zinatsala.

"Iii, mayi telala," anaseka a dalaivala, "basi yanu ikusiya anthu pasiteji!"

Kansingano sanaseke. Anayala zisanuzisanu. Mizere inakwana iwiri. Chimodzi chinatsalanso.

Kenako anayala zonse mumzere umodzi wautali. Palibe chinatsala.

"Bambo, taonani! Zakwana!"

Bambo ake anaimitsa makina. Anayang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Zakwanadi," anatero. "Koma ameneyo ndi lamba. Mutu wako ugona pa lamba?"

"Nanga zikukaniranji?"

"Nambala zina n'zamakani, mwanangu. Khumi ndi chimodzi sigawika mofanana. Imalola mzere umodzi basi. Nambala ya zisanu ndi ziwiri nayonso ndi chimodzimodzi."

"Nkhani yaing'ono imeneyo," anatero a dalaivala. "Taya chimodzi, mwana iwe. Zitsale khumi. Zisanu uku, zisanu uku. Basi inyamuke."

Kansingano anatola chidutswa chamaluwa. Anachibwezera pansi. Anatola chobiriwira. Anachibwezera pansi. Anatola chamadontho. Anachibwezeranso pansi.

"Sinditaya," anatero. "Zonsezi n'za amayi."

A dalaivala anakanda kumutu.

Kansingano anaganiza. Anawerenga zala zake. Anawerenganso.

"Bambo, nanga titawonjezera chimodzi?"

"Zikhala khumi ndi ziwiri."

"Imeneyonso n'njamakani?"

"Ayi. Imeneyo ndi yofatsa. Tenga kansalu mudengu umo."

Kansingano anasuzumira mudengu. Munali nsalu zambiri zotsala. Munali ya yunifomu. Munali ya makatani. Munali ya suti.

"Izi n'za eni ake," anatero. "Ine ndikufuna yakwathu."

Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anayang'ana malaya amene bambo ake anavala. Analoza thumba la pachifuwa.

"Ilo," anatero.

"Thumba langali? Nanga choko ndiziika pati?"

"Kukhutu, ngati a kalipentala."

A dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. "A telala, lero mwakumana nazo!"

Bambo ake anatulutsa choko m'thumbamo. Anatenga sizasi. Anadula ulusi pang'onopang'ono. Thumba linachoka. Analidula mofanana ndi zidutswa zina.

Kansingano anayala ziwiriziwiri. Palibe chinatsala.

Anayala zitatuzitatu. Palibe chinatsala.

Anayala zinayizinayi. Mizere inakwana itatu. Palibe chinatsala.

"Chonchi," anatero. "Chanu chikhale pakati."

"A dalaivala, mundidikire pang'ono," anatero bambo ake.

"Sokani, sokani. Basi inyamuka masana."

Makina analira. Zidutswa zinalumikizana. Mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Bambo ake anasokera nsalu yoyera kumbuyo. Analowetsamo pilo.

Kansingano anaika pilo pabenchi. Anagonekapo tsaya lake.

"Ili bwanji?" anafunsa bambo ake.

"Yakwana."

"Chabwino. Tsopano sesa ulusi uli pansiwu."

Kansingano anatenga tsache. Bambo ake anapana choko kukhutu. Anakoka buluku la a dalaivala, nayamba kusoka zipi.