Khadi Langa Ndichotsa Ndekha

Tsiku limene Namondwe analowa m'shopu yokonzera makompyuta, anali atakumbatira kompyuta yake ngati mwana wodwala, thukuta lili kamukamu. Dzina la Namondweli anamupatsa ndi anzake a pagemu, poti mtsikanayu akagwira mausi sankasiya mdani ali chilili.

"Yatani, chemwali?" anafunsa mnyamata wa pakauntala, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Injiniya.

"Gemu ikafika pokoma sikirini imada, zonse zii! Ikadzuka imalemba kuti dalaiva wasiya kuyankha."

"Dalaivatu ndi kapulogalamu kothandiza kompyuta kumvana ndi khadi la zithunzi, ndiye..."

"Zimenezo ndikuzidziwa, achimwene. Ndabwera kudzakonzetsa, sindinabwere kusukulu."

Injiniya anaseka mpaka kugwira tebulo. "Isiyeni igone konkuno. Koma nambala yanu ya foni musapite nayo."

Abale, pakamwa pa mnyamata ameneyu panali uchi! M'mawa mwake uthenga unalowa: "Duwa langa, kompyuta yako yachira. Wodwala tsopano ndine, ndipo mankhwala ali ndi iwe." Namondwe anaumwetulira uthengawo tsiku lonse, munthu woti anyamata ankamuopa. Posakhalitsa ankayenda atagwirana manja, malonjezo ali mbwee. "Mpikisano wako wa magemu ukangotha ndikuveka mphete, mtima wanga. Ndikanama, dzanja langali liume!"

Koma kompyuta ija, m'malo mochira, inangokulirakulira matenda. Kale inkazima gemu ikafika patali, tsopano inkazima atangoyamba kumene, mizere yobiriwira ili balala pasikirini. Kaputeni wa timu yawo analeza mtima mpaka anatopa.

"Namondwe, watisiya pamoto kokwanira," analemba choncho. "Ikazimanso pokonzekera mawa, mpikisano wa Loweruka usewera ndi wina m'malo mwako."

Malo amene anawavutikira chaka chathunthu! Namondwe anaimbira foni Injiniya.

"Ndi dalaiva yemweyo, duwa langa. Usakhudze chilichonse, ungaononge. Ndibwera ndikapeza mpata."

Mkulu wake wa Namondwe, yemwe ankasita zovala pakhomo la chipinda, anapukusa mutu. "Iwe, ndi dokotala wanji woti akagwira wodwala matenda amakula? Chikondi chakumanga m'maso."

"Achemwali, musamunene! Amandikonda."

Anayankha mokweza, koma mawu aja anamulowa. Kodi manja ake anathyoka? Kodi asanakumane ndi Injiniya ankapuma ndi mphuno za munthu wina? Anakhala pampando, nachotsa dalaiva yense wakale, n'kuyatsanso kompyuta. Kuti asalakwitse potenga dalaiva watsopano, anatsitsa bokosi la khadi lake la zithunzi pamwamba pa wadirobu, nayerekeza dzina la pabokosi ndi limene kompyuta inkaonetsa.

Mayina anali osiyana.

Anamasula chivundikiro cha m'mbali mwa kompyuta. Khadi lake linali la mafani atatu, latsopano. M'katimo munali kakhadi kakale, kafumbi, ka fani imodzi yogwedera. Ndiye kuti masabata onsewa ankatukwana dalaiva wosalakwa, wakuba akumutchula duwa!

Analira, osati pang'ono. Kenako anapukuta m'maso, nanyamula bokosi lija n'kukakwera basi.

M'shopu muja, kuseri kwa kauntala, munakhala mtsikana wina wovala mphete yonyezimira, akusewera gemu pakompyuta ya galasi m'mbali. M'kati mwa galasilo mafani atatu ankazungulira mwaufulu. Injiniya anali atawerama paphewa pake.

"Waona mmene ikuthamangira, duwa langa? Ndinakugulira iwe wekha."

"Maluwa alipo angati m'munda mwakomu?" anafunsa Namondwe ali pakhomo.

Injiniya anatembenuka, nkhope yonse itagwa.

"Ameneyu ndani, wokondedwa?" anafunsa wa mphete uja.

"Aa, kasitomala chabe. Ali ndi vuto la dalaiva."

"Kasitomala?" Namondwe anaika foni yake patebulo. "Werengani nokha, asisi, muone mmene amalembera makasitomala ake. Mukatha, muyerekeze nambala ya pabokosi ili ndi ya pakhadi lili m'kompyuta yanuyo."

Mtsikanayo anawerenga mauthengawo mwakachetechete. Anasuzumira pagalasi, nayang'ana pabokosi. Atatero anazimitsa gemu yekha.

"Mtima wanga, tamvera," anayamba Injiniya, osadziwika kuti akuuza uti. "Ndinangobwereka. Ndimati ndibweza mpikisano usanafike. Dikira ndikuchotsere bwinobwino."

"Usayerekeze! Manja akowo asakhudzenso chinthu changa. Ndichotsa ndekha."

"Sungathe iwe, uthyola!"

Wa mphete uja anatsegula dirowa, natulutsa sikuludiraiva, n'kumupatsa Namondwe m'manja. "Chotsani, asisi. Ine ndikugwirirani chivundikiro."

Namondwe anazula chingwe cha magetsi, namasula khadi lake mosamala, n'kuliika m'bokosi mwake. Mnzakeyo anavula mphete, naiponya m'kabokosi ka tizitsulo takutha. Makasitomala awiri amene ankadikira pabenchi ananyamula malaputopu awo n'kutuluka osatsanzika.

"Ndiye undisiya chonchi?" Injiniya anamutsatira mpaka pakhomo. "Zonse tinalonjezana zija?"

"Dzizimitse, udziyatsenso. Mwina uchira."

Namondwe anayenda osacheuka mpaka pokwerera basi. Ankamukonda ndithu mnyamata uja, bodza n'loipa, ndipo mtima unkamupweteka ngati wapsa ndi moto. Anakhala pabenchi, bokosi lili pamiyendo, natulutsa foni. Misozi inkadontha pasikirini, iye n'kumaipukuta ndi chala kuti aone polemba.

"Kaputeni, malo anga musapatse munthu. Mawa adani akonzeke."