Kanema Woonetsa Mchenga

Pakhomo pa a Sebastiano, m'nyumba za antchito a kumunda wa nzimbe ku Nchalo, panali mtendere. Bamboyo ankagwira ntchito kuchigayo cha shuga, ndipo nyumba yawo idali ya magetsi. Akazi awo, mayi Luisa, ankasoka zovala. Makina awo osokera adawoloka nawo Shire pabwato pothawa nkhondo ya Apwitikizi, mwana wawo Veronika ali kumsana. Makinawo ndiwo adamuveka mwanayo ndi kumuphunzitsa sukulu.

M'chaka cha 1989, Veronika ali namwali, adaona wailesi yakanema kwa mnzake Esinala. Zithunzi zake zidali zotuwa ndi zonjenjemera, koma Esinala ankayenda ngati mwini Nchalo yense.

"Kwanu mumaonera chiyani, mnzanga?" adafunsa Esinala. "Phazi la mayi ako likupalasa makina?"

Mawuwo adamulowa Veronika ngati munga. Adatsimikiza mumtima kuti apeza kanema woposa uja, wa zithunzi zamitundu, koma wotsika mtengo.

"Mwananga, diso silikhuta," adatero mayi Luisa, osaleka kusoka. "Ukaliyamba kulidyetsa, lidzakudya ndiwe. Tenga lumo undidulire nsaluyi."

Kumsika kudali mwamuna wina dzina lake Maliko, amene adangobwera kumene kuchokera kumigodi ya ku Joni. Iye adamulowetsa Veronika m'kachipinda kake. Patebulo loyalidwa nsalu yofika pansi padali kanema, ndipo m'menemo akazi ovala zofiira ankavina, oonekera bwino mpaka thukuta la pamphumi.

"Achemwali, wa Esinala uja ndi nkhungu chabe," adatero Maliko. "Ndalama sindikufuna, ndisakuvutitseni. Kwanu kuli chitsulo chakale chosokera chija. Nkhalamba ija sinatope nacho?"

"Amayi sangalole."

"Akadzaona izi adzakuthokozani okha."

Sabata yomweyo mayi Luisa adapita kumaliro ku Nsanje. Dzuwa lili pamutu, bambo ali kuntchito, Veronika adakweza makina pangolo. Adabwera ndi kanema, namubisa kuchipinda kufikira tsiku lobwera amayi ake.

Mayi Luisa atalowa, adaima nayang'ana pakona pamene pankakhala makina. Padangotsala mabowo anayi a miyendo yake pansi. Kenaka adayang'ana chinthu chatsopanocho, nakhala pampando osavula ngakhale mpango wa kumaliro.

"Yatsa," adatero motsitsa. "Wagula ndi manja anga. Tionere."

Veronika adayatsa. Pagalasi padadzaza timadontho toyera ndi takuda, tothamangathamanga ngati mchenga wouluzika, ndi phokoso longa mvula pamalata. Adapotoza apa, adapotoza apo. Mchenga wokhawokha.

A Sebastiano adawapeza ali choncho. Adamva nkhani yonse ali chiimire.

"Mwana iwe, dziko lino lilibe nyumba youlutsira zithunzi," adatero. "Chinthuchi pachokha ndi bokosi. Chimafuna makina ena oikamo tepi, monga aja ali kwa Esinala. Sudasuzumire pansi pa tebulo?"

Veronika adathamangira kumsika. Kachipinda kaja kadali kotsekula, mulibe kanthu. Wogulitsa nsomba pafupi adati Maliko adakwera basi dzana, ndi katundu wolemera.

Bambo adafuna kupita kupolisi, koma mayi Luisa adakana. "Akafunsa amene adatulutsa makina m'nyumba, mukatchula yani?"

Amayi a kutchalitchi amene adasiya nsalu zawo adabwera kudzazitenga, ndipo adafunsa kumene makina adapita. Mayi Luisa adawongola msana nayankha kuti: "Ndagulitsa ndekha. Ndimafuna kanema." Amayiwo adaseka potuluka, ndipo pofika madzulo Nchalo yense adadziwa za nkhalamba yogula mchenga. Mwezi usanathe, mayi Luisa adayamba ganyu yopalira nzimbe, pa dzuwa la kuchigwa losenda khungu. Zala zozolowera singano zidachita matuza.

Lamulungu, nthawi ya Mgonero itakwana, anthu adadzuka mzere ndi mzere. Mayi Luisa adakhalabe pabenchi, manja ali pamiyendo. Sabata yotsatira adateronso.

"Amayi, bwanji simukupita?" adanong'ona Veronika.

"Ndidanama pamaso pa anthu, ndipo sindili wokonzeka kubweza bodzalo. Pita iwe."

Veronika sadathe kudzuka. Mapemphero atatha, adaima pakhomo pa tchalitchi pamene amayi aja adasonkhana, nanena kuti: "Amayi anga sadagulitse makina. Ndidaba ndine."

Palibe adaseka. Mayi Luisa adadutsa pakati pawo mutu uli chilili, nagwira mwana wawo padzanja, napita naye kwawo. Makinawo sadapezekenso, ndipo mayiyo adapalira nzimbe zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka msana udakana.

Inu ana amene mukuwerenga, chenjerani ndi kusirira. Mukaba m'nyumba ya makolo anu, mudzakhululukidwa ndithu, koma chilango chake adzasenza ndi amene amakukondani, inu mukuona.