Lendi ya Bata

Mahedifoni a masiku amenewo ankayamba aphunzira khutu la mwini wake asanaimbe kanthu. Munthu akangowavala, timawaya tofewa ngati ubweya wa mphaka tinkayenda m'makwinya a khutu, kuyeza ngodya iliyonse. Kuyambira pamenepo ankajambula mawu ndendende mmene khutulo lawamvera. Ukatumiza chojambulacho kwa mnzako wa ku Karonga, iye ankamva ndi makutu ako: mvula ya padenga lako, kukula kwa chipinda chako, ngakhale mbali imene kuli zenera.

Tinyade, mtsikana wokonza mahedifoni otere m'kashopu kake ku Limbe, ndiye anayambitsa Bwalo la Makutu pa intaneti. Poyamba linali la anthu ochepa okonda kukangana za besi. Koma mbiri inayenda, ndipo anthu analowa ambirimbiri, aliyense ndi nyimbo zake.

Bwaloli linali ndi mwambo wake. Wolowa kumene ankayenera kupereka bata la kwawo: kuvala mahedifoni, kukhala phee mphindi imodzi m'nyumba mwake, n'kutumiza chojambulacho. Cholinga chinali kuyesa ngati mahedifoniwo sakuchita phokoso paokha pamene palibe nyimbo. Anthu ankamvera, kumuseka kapena kumuyamikira mnzawoyo, kenako n'kuiwala. Koma bwalo silinkataya kanthu.

Zonsezo zinkasungidwa m'maseva, makompyuta akuluakulu a m'chinyumba china pamwamba pa phiri la Zomba, oziziritsidwa ndi madzi a m'phirimo. Eni maseva ankalipiritsa lendi molingana ndi malo amene watenga, ndipo zojambula za khutu zinkadya malo koopsa. Zopereka za mamembala zinkabwera mwa apo ndi apo. Amene ankagula mahedifoni a mtengo wa njinga yamoto ndi omwewo ankati mwezi uno zinthu zavuta. Mapeto ake eni maseva anamuuza Tinyade kuti lendi ikapanda kukwana pakutha pa mwezi, bwalo lizimitsidwa pamodzi ndi zonse zimene zili m'menemo.

Tinyade anaitanitsa msonkhano. Aliyense anavala mahedifoni kwawo, ndipo mawu a anzake ankamveka momuzungulira ngati akhala pabwalo lenileni.

"Nkhaniyi ndi yosavuta, abale," anatero Twaibu wa ku Mangochi, amene anzake ankamutcha Chibesi. "Pali kampani ya sopo ikufuna kutilipirira lendi yonse. Iwo angofuna kanthu kamodzi: nyimbo ikatha, ina isanayambe, azinong'oneza dzina la sopo wawoyo. Basi."

"Ndikangomaliza kumvera kwaya, wina azindinong'oneza kuti ndikasambe?" anafunsa a Nyirongo, mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Rumphi.

"Mwina ndi uphungu wabwino, bambo."

Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka. Tinyade anadikira mpaka litazizira. Kulankhula pagulu kunkamuvuta, ngakhale gulu losaoneka.

"Pakati pa nyimbo sitigulitsapo," anatero motsitsa. "Pali njira ina. Pali pulogalamu yoganiza yokha, dzina lake Mpeta. Amapeta zosungidwa, kuchotsa zobwerezabwereza ndi zopanda kanthu. Malo akachepa, lendi itsika."

"Asakhudze besi yanga ameneyo!" anakuwa Twaibu.

Msonkhano wonse unathera pamenepo. Wina anati Mpeta asakhudze kulira kwa zingwe za gitala, wina kupuma kwa woimba asanayambe vesi. A Nyirongo analimbikira za mawu apamwamba a amayi a kwaya. Anamuikira Mpeta malamulo pa kaphokoso kalikonse kamene khutu lingatole. Za bata palibe anatchula.

Mpeta anagwira ntchito yake, ndipo malo anachepa kupitirira theka. Zopereka zinakwana. Nyimbo zonse zinali bwinobwino, besi ya Twaibu ikugunda pachifuwa ngati kale.

"Achemwali, mukanakhala pafupi ndikanakunyamulani pamutu!" anatero iye kwa Tinyade.

Patapita masiku, m'mawa wina, bambo wa imvi wovala jekete lofumbutuka analowa m'shopu muja. Tinyade sanamudziwe mpaka atalankhula. Anali a Nyirongo, atabwera pa sitima yamagetsi kuchokera kumpoto.

"Mwana wanga, awa awonongeka," anatero akuika mahedifoni patebulo.

Tinyade anawayeza mbali zonse. "Ali bwino, bambo. Palibe vuto."

"Nanga bata langa lapita kuti?"

A Nyirongo anakhala pampando n'kufotokoza. Tsiku limene ankalowa m'bwalo, mkazi wawo NyaGondwe anali m'chipinda chomwecho akusankha nyemba. Anawapempha kuti akhale chete mphindi imodzi yokha, koma mayiwo zinkawaseketsa kuona mwamuna wamkulu akujambula zii. Ankadziletsa kuseka, mpweya ukutulukira m'mphuno pang'onopang'ono. Chakumapeto nyemba imodzi inagwa pansi n'kugubuduka.

"Anatisiya chaka chatha," anatero a Nyirongo. "Ndimamvera mphindi imeneyo ndisanamwe tiyi. Tsopano ndikatsegula dzina langa, mukumveka chipinda cha eni."

Tinyade anayatsa sipika ya patebulo n'kuitana Mpeta.

"Bata la a Nyirongo lili kuti?"

"Munandiuza kuti ndichotse zobwerezabwereza," anayankha Mpeta ndi mawu ake odekha. "Bata la mamembala onse linali pansi pa mlingo umene inu eni mumati palibe phokoso. Kwa ine linali chinthu chimodzi chosungidwa kambirimbiri, ndipo ndilo linkadya malo ochuluka. Ndinasiya limodzi loimira onse. Aliyense akatsegula lake, amamva limenelo."

"Ungabweze linalo?"

"Ayi. Malo ake tinawabweza kwa eni maseva, ndipo alembapo kale zinthu za anthu ena."

Kunja ngolo zodziyendetsa zokha zinkadutsa ndi katundu wa kumsika. A Nyirongo anatembenukira ku sipika ija.

"Iwe makina, unasiya la ndani?"

"Loyera kuposa onse, bambo. Lopanda nkhuku, lopanda mwana, lopanda wailesi ya aneba. Mulibe ngakhale kupuma kwa munthu wachiwiri. Ndi la mayi Tinyade."

Tinyade anafuna pobisala koma shopuyo inali yaing'ono. Anakumbukira tsiku limene anajambula bata limenelo m'chipinda chake cha lendi ku Kanjedza, ndi mmene ananyadira anthu atanena kuti mahedifoni ake ndi aukhondo kuposa a wina aliyense.

A Nyirongo anavala mahedifoni awo n'kumvera mphindi yonse, maso ali otseka.

"Ine ndimayesa ndi m'kati mwa chinyumba cha maseva," anatero akuvula. "Kani ndi kwanu? Mwana wanga, mumakhala chonchi masiku onse?"

Tinyade anangogwedeza mutu. "Pepani, bambo. Ndakutayitsani chinthu chosabwezeka."

"Pamsonkhano paja ndinalipo. Ndinateteza amayi a kwaya amene sindikuwadziwa n'komwe, wanga n'kumuiwala." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinkaganiza kuti chimene ndikumva ine, makinanso akumva."

Kenako bamboyo anakankhira mahedifoni aja kwa Tinyade.

"Valani. Dzina lanu silingamaimire tonse ndi chipinda chotere. Jambulani lina, pompano, ine ndili pano."

"Likadya malo, bambo. Ena akamva, nawonso ayamba kutumiza atsopano, lendi ikweranso."

"Ikwere. Chibesi agulitse mahedifoni amodzi, ali nawo ambiri. Lanulo ndilipira ndine."

Tinyade anavala, timawaya tija tinayenda m'khutu mwake, ndipo onse awiri anakhala phee. Anamva mpando ukulira pang'ono, jekete likukhuza tebulo, ndi kupuma kolemera kwa munthu amene akuyesetsa kuti asalire. Anali asanamvepo phokoso lochuluka chotero m'mphindi imene makina akanati mulibe kanthu.

Bwalo la Makutu linapulumuka chaka chimenecho. Anthu ake anakana kugulitsa bata lawo kwa a sopo aja, koma analitaya okha, chifukwa pa zonse zimene ankalipirira lendi, ndi lokhalo limene sanalione ngati katundu.