Chipinda Chapamwamba kwa Mayi Regla

Nieves anafika ku Cádiz, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja, masana, mphepo ya kum'mawa ikuwomba ngati yapsa mtima. Kwawo, kamudzi ka m'mapiri a Teruel, madzi ochuluka amene ankawadziwa anali a m'damu lomwetsera nkhosa. Koma awa? Madzi opanda tsidya, onyezimira mpaka kuwawitsa maso! Anaima kukamwa kuli yasa, chikwama chili pansi.

Anabwera kudzagwirizira ntchito m'sitolo ya mankhwala, m'malo mwa mayi wina amene anali patchuthi cha uchembere. Mumzinda monsemo sankadziwamo munthu.

Ali podikirira basi yopita kumene anapeza chipinda, mnyamata wina wa malaya oyera anamuyandikira.

"Pepani achemwali, ndinu a konkuno? Ndikufuna malo abwino odyerako tapasi, tizakudya tija ta m'timbale ting'onoting'ono."

Nieves anaseka n'kuloza chikwama chake. Mnyamatayo anasekanso. Anati dzina lake ndi Bruno, wa ku Valladolid, injiniya amene anamutumiza kudzakonza makina onyamulira katundu kudoko.

"Ndiye tonse ndife alendo," iye anatero. "Tiyeni tikasochere limodzi. Kusochera wekha n'kowawa, koma awiri kumakoma."

Mawa lake anakumana ataweruka. Analowa m'timisewu topanikiza ta m'dera la La Viña, mmene zovala zimayanikidwa pamwamba pa mitu ya anthu. Bruno anali ndi lamulo lake: malo amene amata zithunzi za chakudya pakhomo ndi ongodutsa, koma pamene pali phokoso ndipo madoda adzaza mpaka kuimirira panja, pamenepo ndiye polowa.

Analowadi pamalo otero. Munalibe ndi mpando womwe. Wogulitsa, bambo wa dazi ndi mawu ngati bingu, anawaikira nyama ya nkhumba yodula mopyapyala papepala, n'kufinyirapo ndimu. Kenako kunabwera chitumbuwa cha tinkhanu ta m'nyanja, chopyapyala moti Nieves atachikweza anaona kuwala kukudutsa. Analuma. Chinati khirichi, ndipo nyanja yonse inadzaza m'kamwa mwake.

Anatseka maso. Kodi anthu amadya zotere tsiku ndi tsiku, osagwada pansi kuthokoza?

"Iwe mtsikana, kwanu kulibe nyanja eti?" anafunsa wogulitsayo. "Ndiye mumadya chiyani, miyala?"

"Timadya nyama youmika yoposa yanuyi, bambo," anayankha Nieves.

Bala yonse inafa ndi phwete, ndipo bamboyo anawaonjezera kambale kena, akuti n'chindapusa cha pakamwa pake. Bruno sankayang'ana chakudya. Ankayang'ana Nieves.

Kuyambira pamenepo foni ya Nieves sinkapuma.

"Kamapiri kanga, ndapeza kamalo kena kuseri kwa msika. Usadye kanthu, undidikire."

"Duwa langa, tsiku limene sindinakuone ukutafuna limakhala losathira mchere."

Nieves ankawerenga mauthengawo kuseri kwa mashelefu a mankhwala, akumwetulira yekha ngati wobalalika mutu.

Anayenda mzinda wonsewo ndi pakamwa. Kumsika anaona nsomba ya tuna yaikulu kuposa munthu, mnofu wake wofiira ngati wa ng'ombe, ndipo madzulo ake anaidya yophikidwa ndi anyezi. Anadya mbatatesi yothira mafuta a maolivi, yophweka koma yokoma mosamvetsetseka. Anadya nsomba zokazinga za m'pepala atakhala pakhoma la m'mphepete mwa nyanja, mbalame zikuwalirira pamutu. Tsiku lina Bruno anamulawitsa tinthu tobiriwira tomera pamiyala pansi pa madzi, tokhala ngati maluwa. Nieves anachita mantha, analawa, kenako anaitanitsa kambale kachiwiri.

Kulikonse kumene alowa, Bruno ankacheza ndi eni malo. Ankafunsa kuti mungalowe anthu angati, ndiponso ngati angathe kuphikira gulu. Nieves atamuseka, iye anati ndi matenda a mainjiniya, kuyeza chilichonse. Ndiye ankatembenuka n'kumufunsa mwachidwi kuti mwa zonse zimene adya chamukomera kwambiri n'chiti. Palibe mwamuna amene anafunapo kudziwa maganizo a Nieves chonchi.

Malo amene anawakonda koposa anawapeza mwangozi, pothawa mvula. Kanali kanyumba kakale kopanda chikwangwani, anthu ankangoti kwa mayi Regla. Mayiwo anali a thupi lawo, a tsitsi la imvi lomangira kumbuyo, ndipo sankafunsa munthu chimene akufuna. Ankangokuyang'ana n'kukubweretsera. Ataona awiriwo atagwirana manja, anapukusa mutu akumwetulira, n'kuwapatsa kambale kamodzi ndi mafoloko awiri.

Mvula itakata anatsikira kugombe. Dzuwa linatuluka, ndipo timaboti ta asodzi tinkawala ngati tangopakidwa utoto. Bruno anamugwira nkhope ndi manja onse awiri.

"Nieves, ndayenda malo ambiri, koma sindinaonepo munthu wodabwa ndi dziko ngati iwe. Ukandiyang'ana ndimadziona watsopano. Ndapempha kuntchito kuti andisamutsire kuno. Ndikulonjeza, mzinda uno udzakhala wathu."

"Ukunena zoona?"

"Ndikanama, nyanja iyi indimeze."

Mtima wa Nieves unadumpha ngati kamwana ka nkhosa.

Posakhalitsa mwini sitolo anamuitana n'kumuuza kuti mayi wa patchuthi cha uchembere uja sabwereranso, ndipo ngati akufuna, ntchitoyo ikhala yake. Sabata yomweyo amayi ake anaimba foni. Anati kusitolo ya mankhwala ya m'tauni yoyandikana ndi kwawo akumusungira malo, abwere msanga, bambo ake miyendo yayambanso kuvuta. Nieves analira, anapepesa, koma anakana. Anati wapeza munthu. Amayi ake anangoti adzisamale.

Anasaina ntchito ya ku Cádiz Lachisanu, osamuuza Bruno. Ankafuna akamuuze maso ndi maso Loweruka masana kwa mayi Regla, kumene anapangana kukumana. Chimwemwe chinamulepheretsa kudikira, moti anafika nthawi isanakwane.

Mayi Regla atangomuona anasiya poto pamoto n'kumukumbatira.

"Milagros mwana wanga, wabwera wekha lero? Bwera udzaone. Mnyamata wako anati ndisakuonetse, koma ine zinsinsi zimanditupitsa mimba."

Nieves anaganiza kuti mayiwo angosokoneza dzina. Anawatsatira pamasitepe opapatiza, mpaka anatsegula chitseko.

Anaima chilili. Chinali chipinda chachikulu choyera, mawindo mbali zonse. Pansi pake panali madenga a mzinda wonse, nsanja zoyera, denga lachikasu la tchalitchi chachikulu likuyaka ndi dzuwa, ndipo nyanja inali kumanja ndi kumanzere komwe. Ndani akanadziwa kuti pamwamba pa kanyumba konyozekako pali kumwamba kotere?

Mayi Regla ankangolankhula. Anati Bruno anabwera yekha pakati pa sabata n'kusungitsa chipindacho kuti muchitikire phwando la ukwati mu Juni. Anasankha tuna ya anyezi, zitumbuwa za tinkhanu ndi mbatatesi ija.

Ukwati? Zonsezo zinali zakudya zimene Nieves anazikonda! Anagwira pakamwa, misozi yachimwemwe ili pafupi.

"Apa pakhala a ku Valladolid," mayiwo anapitiriza, "apa abale ako a kutsidya ku El Puerto. Akuti bambo ako ali ndi maboti, si choncho? Koma nanga anati uli ku Germany kuntchito mpaka Meyi, chikhalirecho ndinakuonani limodzi tsiku la mvula lija. Amuna ndi masiku, sadziwa kuwerenga."

Chipinda chija chinayamba kuzungulira.

"Mayi," anatero Nieves ndi mawu otsika, "ine dzina langa ndine Nieves. Bambo anga amaweta nkhosa."

Mayi Regla anamuyang'ana, n'kuyang'ananso. Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono, ndipo anadzigwira pachifuwa.

Nthawi yomweyo pamasitepe panamveka mapazi. Bruno analowa akuimba kaluzu, maluwa ali m'manja. Ataona nkhope ziwirizo, kaluzuko kanafera pamilomo.

"Milagros ndi ndani?" Nieves anafunsa.

Bruno anayamba kulankhula zambirimbiri. Anati iye ndi Milagros akhala pachibwenzi kuyambira ali kusukulu, mabanja anagwirizana kalekale, ndipo mtsikanayo ndi amene anamutuma kuti apeze malo a phwando popeza iye ali kutali. Anati poyamba ankangofuna womuperekeza, sankadziwa kuti mtima umupandukira. Ankafuna kuulula, koma tsiku lililonse ankati mawa.

"Umamukonda?"

"Eya. Koma iwenso, Nieves, ndikulumbira. Zonse zimene ndinakuuza zinachokera pansi pa mtima."

"Ndiye ukwati waimitsa?"

Bruno anayang'ana pansi.

"Ndamva," anatero Nieves. "Iwe unkasowa lilime la mkazi wako, ndiye unabwereka langa. Ndinkalawa ine kuti adzakhute iye."

"Kamapiri kanga, chonde..."

"Usandiitanenso choncho. Dzulo ndasaina ntchito ya kuno. Ndakana amayi anga, ndasiya bambo anga akudwala, chifukwa cha mawu ako. Ndimati ndikuuze lero kuti tisangalale."

Bruno anatambasula dzanja, koma mayi Regla anaima pakati pawo.

"Tsika, mnyamata. Mu Juni chipinda chino n'chotseka. Ine sindiphikira bodza. Ndipo mwana wa eni ali ku Germanyyo ukamuuze wekha, chifukwa El Puerto, kwa makolo ake, si kutali, ndipo ine pakamwa panga ukupadziwa."

Bruno anatsika, maluwa akadali m'manja. Mapazi ake anamveka mpaka pansi, kenako zii.

Apo m'pamene Nieves anagwa pampando n'kulira ngati mwana. Akawauza chiyani amayi ake? Akhala bwanji mumzinda umene ngodya iliyonse anaidziwa ali ndi munthu ameneyu?

Mayi Regla anakoka mpando wina n'kukhala pambali pake. Anamupukuta misozi ndi epuloni yonunkhira adyo. Sanamuuze kuti aiwale, kapena kuti amuna alipo ambiri. Anangomugoneka mutu paphewa pawo.

Pansi anthu anayamba kugogoda matebulo. Wina anakuwa kuti anyezi akupserera, wina kuti njala yawapha.

"Mayi, pitani, makasitomala akudikira," anatero Nieves akusisima.

Mayi Regla anatembenukira kuchitseko n'kukweza mawu.

"Phulani potoyo, ndipo mudikire! Kuno ndili ndi mwana."