Tsaya Lakumanja la Yurani

Yurani anakumana ndi Eider pa siteji ya basi mumzinda wa Cali, mvula ikukhuthuka. Mnyamatayo anamufunditsa jekete, pakamwa pali uchi wokhawokha.

"Mfumukazi yanga, masaya akowa Mulungu anawaumba mosathamanga!"

Yurani anaseka, basi wakopeka. Atsikana inu!

Patatha zaka ziwiri, madokotala anamupeza ndi khansa ya m'kamwa. Anachotsa mbali ya nsagwada yakumanja. Tsaya linalowa m'kati, chipsera n'kutsika mpaka pakhosi. Akamalankhula, unkangoti ali ndi chinangwa chotentha m'kamwa.

Miyezi itatu anabindikira m'chipinda, galasi atalitembenuzira kukhoma, chakudya chake msuzi wa pakapaipi. Anzake anabwera kamodzi, osabweranso. Eider ndiye sanapondeko, akuti ntchito yachuluka. Koma mauthenga pafoni, mbwee!

"Moyo wanga, ndinakonda mtima wako, osati nkhope."

"Ukangochira, ukwati. Ndikulumbira!"

Yurani ankawawerenga mpaka kuwaloweza. Nanga akanacheza ndi ndani?

"Foni ilibe miyendo, koma Eider ali nayo," anatero mayi ake, doña Fabiola. "Loweruka kuli phwando la tsiku lobadwa la amayi ake. Uvale, ukadzionere wekha."

"Amayi, ndi nkhope iyi?"

"Uli ndi ina m'sutikesi?"

Loweruka anapita, atadzikulunga mpango kumaso. Atafika pakhomo anauvula.

Kuno ku Cali munthu wako umamupsompsona tsaya lakumanja. Dzanja timapatsa dokotala ndi wapolisi. Mayi a Eider anamukumbatira, n'kumupsompsona pachipsera pomwepo. Azakhali a Eider nawonso chimodzimodzi. Mtima wa Yurani unayamba kukhala m'malo.

Kenako Eider anatulukira kukhitchini, mbale ya nyama ili m'manja. Anaima. Anayang'ana tsayalo, anayang'ana pansi, anaika mbale patebulo. Anthu onse akuona, anatambasula dzanja.

"Wachira ndithu, Yurani. Wayenda bwanji?"



Yurani analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Ndi dzanja ili linkalemba mauthenga onse aja? Anavula mphete ya chitomero yomwe Eider anamuveka asanadwale. Analankhula pang'onopang'ono, monga anamuphunzitsira kuchipatala, kuti liwu lililonse limveke.

"Poti walitambasula kale, landira."

Anatuluka yekha, mpango uli m'manja, anthu akucheuka mumsewu monse. Misozi inatsika mbali zonse ziwiri, koma tsaya lakumanja, lomwe linafa dzanzi chichokereni kuchipatala, silinamve n'komwe kuti lanyowa.