Amene Ankayatsa Nyale za Karinya Yanga

Linali Lachinayi, titangoswali swala ya magharibi, dzuwa litalowa. Ndinali panja, ndikutsuka mitu ya bateriya ya karinya yanga ndi madzi otentha othira soda. Mng'ono wanga Rahma anakhala pakhonde akundiyang'ana. Anali ndi pakati, ndipo mwezi wake unali womwewo.

"Achemwali a Mastura, ikafunika usiku ilira imeneyo?" anandifunsa.

"Ilira," ndinayankha. Koma mtima wanga unkadziwa kuti ndikunama.

Karinyayo ndi galimoto yotsegula kumbuyo. Ndinaigula kwa ana a malemu a Bwanausi, amene anali ndi mabwato kuno ku Chiuta. Ndimanyamulira nsomba zouma kupita ku Insaca ndi ku Cuamba. M'mudzi mwathu galimoto ndi yomweyo. Munthu akadwala mwakayakaya, amagogoda kwa ine.

Masana inkayenda bwinobwino. Koma ikangogona, m'mawa ndikapotoza kiyi inkangoti "tcha", basi. A Bernardo, mekaniko wa ku Insaca, anati bateriya yakalamba. Ndinagula yatsopano. Itagona usiku utatu, nayonso inafa. A Bernardo anayeza mawaya onse, sanapeze vuto.

"Mayi, pali chimene chikudya moto usiku," anatero. "Mukaimika, muzimasula waya mmodzi ku bateriya."

Ndinamasuladi, sipanala n'kugona nayo kumutu. M'mawa ndinapeza waya uja wabwerera pamalo pake, womangidwa kolimba kuposa mmene ndimamangira ine. Mpando wa woyendetsa unali wonyowa. M'katimo munkanunkha matope a m'nyanja.

Nkhani inafala. Amuna amene ankandikankhira m'mawa anayamba kuzemba. A Swalehe, oyandikana nafe nyumba, anandiuza maso ndi maso kuti manja awo sadzaikaponso.

Tsono Lachinayi limenelo ndinali nditatchajitsa bateriya kwa a Bernardo. Nditatsuka mitu ija, waya sindinamange. Ndinakiya zitseko, n'kukagona.

Pakati pa usiku Rahma anandigwedeza.

"Matenda ayamba."

Ndinatulukira khomo lakuseri kukaitana mayi Hamida, mzamba wa m'mudzi mwathu. Atamugwira pamimba, nkhope yawo inasintha.

"Mwana wagona mopingasa. Uyu si wa manja anga. Tithamangire ku chipatala cha ku Insaca."

Ndinatenga kiyi ndi sipanala. Nditatsegula chitseko chakumaso, ndinaima.

Nyale za karinya zinali zikuyaka.

Zinaloza kunyanja, kudutsa pamwamba pa bango. Injini inali zii. Kuwalako kunali kofiirira, kwa bateriya yotsala pang'ono kufa. Ndipo pa chiwongolero panali munthu.

Ndinaimabe pakhomo. M'nyumba Rahma anabuula. Kubuula kumeneko ndi kumene kunandiyendetsa.

Ndinasendera. Chitseko chinali chokiya monga ndinachisiyira, galasi lili lotsitsa. Munthuyo anavala kofia yoyera. Malaya ake ankadontha. Pansi pa galimoto ndinkamva madzi, do, do, do. Dzanja limene linagwira chiwongolero linali la zala zinayi. Mudzi wonse unkalidziwa dzanja limenelo. Chala chachisanu chinatsala m'kamwa mwa ng'ona kalekale.

"Salaam aleikum, a Bwanausi," ndinatero.

Sanatembenuke. Mawu anabwera ngati ochokera mu mtsuko.

"Aleikum salaam. Anyamata anga sanatuluke. Dooko sakuliona."

Pamenepo ndinakumbukira. Ali moyo, kukakhala chifunga a Bwanausi ankaimika karinyayi pamtunda n'kuyatsa nyale kuti asodzi awo aone kolowera. Tsiku limene anamira anali m'bwato limodzi ndi asodzi awiri. Mtembo wawo unapezeka. Mitembo ya awiriwo sinaoneke.

Rahma anakuwanso. Mantha anga anasanduka ukali.

"Bambo, a m'madziwo adikira zaka ziwiri. Adikirenso usiku umodzi. Wanga ali m'nyumbamu sadikira. Nyale ndidzakupatsani yanu, ndalumbira. Koma pano tsikani."

A Bwanausi sanasunthe. Achule anasiya kulira.

"Ndati tsikani!"

Nyale zinazima. Nditaunika ndi foni, pampando panalibe munthu. Panangotsala madzi.

Ndinalowa, n'kukhala pamadzi pomwepo. Anali ozizira mpaka m'mafupa. Ndinapotoza kiyi. "Tcha." Ndinapotozanso. Ngakhale "tcha" yemweyo sanamveke.

Ndinathamangira kwa a Swalehe. Ndinagogoda mpaka zala kuwawa. Ndinkawamva akupuma kuseri kwa chitseko, koma sanatsegule. Amene anatuluka ndi akazi awo, a Zodiwa, pamodzi ndi mlamu wawo Talandira.

Tinayala matiresi kumbuyo, n'kumugoneka Rahma. Mayi Hamida anakhala naye atamugwira mutu. Azimayi awiri aja anagwira chitseko chakumbuyo. Ine ndinaika giya yachiwiri, phazi pa kalachi.

"Kankhani!"

Pabwalo pathu ndi pamchenga, ndipo njira yopita kumsewu ndi yokwera. Masiku am'mbuyomo amuna asanu ankatuluka thukuta pamenepo pondikankhira. Karinya inangogwedezeka, n'kubwerera.

"Kankhaninso! Bismillahi!"

Inagwedezekanso. Kenako inanyamuka.

Sinayambe pang'onopang'ono ayi. Inanyamuka ngati yakokedwa ndi ng'ombe. Ndinayang'ana pa galasi. A Zodiwa ndi Talandira anali atatsala kutali, atagwa chafufumimba mumchenga. Koma karinya inkathamangabe kukwera mtunda. Mu kuwala kwa mwezi ndinaona mitu itatu itawerama kumbuyoko. Wapakati anali ndi kofia yoyera.

Ndinasiya kalachi. Galimoto inadumpha kamodzi, kawiri. Injini inabangula.

Ndinakuwa ngati wamisala. Sindinayang'anenso kumbuyo. Nyale zinayamba kuwala pamene injini inkatenga mphamvu, ndipo ndinadula maenje onse a msewu wa ku Insaca osaima paliponse. Titafika pachipatala injini sindinazimitse. Anamwino anathamanga naye Rahma.

Mwana anabadwa adhana ya m'bandakucha ikumveka ku mzikiti. Wamkazi, wonenepa, wolira ngati waputidwa. Rahma anali moyo. Ndinakhala pansi pakhonde la chipatala, n'kulira mpaka nsalu kunyowa.

Kutacha, mayi Hamida anandikoka dzanja, n'kundionetsa chitseko chakumbuyo cha karinya. Panali zidindo za manja a matope akuda. Manja asanu ndi limodzi. Limodzi la zala zinayi. Iwo anali atakhala moyang'anizana ndi okankhawo njira yonse yokwera ija. Mpaka lero ndikawafunsa zimene anaona, amangopukusa mutu.

Lonjezo ndinasunga. Sabata yomweyo a Bernardo anabwera ndi bateriya yanga yakale ija ataithira madzi ake, kasola kakang'ono kotchajira ndi dzuwa, ndi nyale ya galimoto yakufa. Tinazika mtengo wautali padooko, n'kumangirira zonsezo. Nyaleyo imayaka usiku uliwonse, yoloza kunyanja.

Kuyambira tsiku limenelo karinya yanga imalira kiyi kamodzi. Waya sindimasulanso. A Swalehe amauza anthu kuti vuto linali switchi ya nyale, koma padooko usiku sadutsapo. Azimayi pachitsime amanong'ona zina. Amati anyamata awiri aja analiona dooko usiku womwewo, n'chifukwa chake okankha anali atatu. Amati tsopano nyale ija ikuunikira amoyo okha.

Ine sinditsutsa aliyense. Wodwala akagogoda, ndimadzuka, n'kupotoza kiyi.