Makina Osokera Amene Ankagoneka Mwana

M'mawa wa tsiku limenelo Telala anadzuka n'kupeza zinthu ziwiri zachilendo m'chipinda mwake. Choyamba, anali atagona maola anayi athunthu, zimene zinali zisanachitikepo chibadwire mwana wake masabata atatu m'mbuyomo. Chachiwiri, nsalu imene ankavundikirira makina ake osokera inali itapindidwa bwinobwino pampando, chonsecho iye sankakumbukira kuti anaikhudza.

Makinawo anali akale, opalasa ndi mapazi, ndipo anthu onse a pamdadada wa nyumba za lendizo ankawadziwa ndi kulira kwake, n'chifukwa chake dzina lenileni la mwini wake linaiwalika, onse n'kumangomutcha Telala. Telala anasoka mayunifolomu mpaka sabata yomaliza ya pakati pake, mimba itagunda thabwa la makina. Mwana anabadwa pa opaleshoni, ndipo anamwino anamuuza kuti asayerekeze kupalasa makina bala lisanapole. Iye anamvera, koma mwanayo sanamvere munthu aliyense. Dzuwa likangolowa ankayamba kulira, kankhope katafiira, timiyendo titapindikira kumimba, mpaka mbandakucha. Telala ankamuyamwitsa, kumusintha thewera, kumusisita kumsana kuti ageye, kuzungulira naye chipinda atagwira bala ndi dzanja linalo, koma ayi ndithu. Kuchipatala anati mwana alibe vuto, zidzatha zokha. Mawu amenewa amakoma kwa munthu amene wagona.

Mwamuna wake ankaphika buledi usiku ku bekale, ndiye ankabwera kutacha, akununkhira yisiti, n'kupeza mwana ali m'tulo ngati mngelo ndipo mkazi maso ali psuu.

Pampopi m'mawa umenewo anakumana ndi mayi wa khomo loyandikana nalo, amene anthu ankawatcha a Wailesi chifukwa nkhani sinkagona m'kamwa mwawo.

"A Telala, mwayambiranso ntchito? Ndi balalo?"

"Ntchito yanji, amayi?"

"Kusoka. Usiku wonse gwedegwede kuseri kwa khoma langa. Sindikudandaula ayi, bola makinawo kusiyana ndi kulira kuja. Kamwanako kanangoti zii atangoyamba."

Telala anaseka kuti nkhani ithe, koma madzi anasefukira mu ndowa iye asakuona.

Usiku wotsatira anatsimikiza zokhala maso. Magetsi anali atazima, kandulo inatha cha m'ma leveni, ndipo mdima unadzaza chipinda mpaka sankaona ngakhale dzanja limene ankasisitira mwana. Kunja mpopi unkadontha pa simenti, kutali galu ankauwa mwaulesi, mwana akulirabe ndi mawu osasa. Telala anatsamira khoma, ndipo kaya anasinza kaya sanasinze, anangomva mpando wa pakona ukulira pang'ono monga umachitira munthu akaukhalira. Kenaka gudumu linazungulira kamodzi, mokayikira, n'kuima. Linazunguliranso. Chopondera chinayamba kutsika ndi kukwera, gwede, gwede, gwede, mosathamanga, mwa munthu wodziwa ntchito yake.

Mwana anasiya kulira pakati pa mpweya. Telala anamva kamutu kakutembenukira kukona kuja, kathupi kakufewa m'manja mwake. Iye anafuna kukuwa, koma tulo timene anali atatisowa masabata atatu tinamugwera ngati thumba la simenti.

Kutacha anauza mwamuna wake monong'ona, ngati makinawo angamve.

"Amake mwana, ndi inu nomwe," anatero bamboyo akuvula nsapato. "Mwatopa. Mukudzuka kutulo n'kumapalasa osadziwa. Mwana anazolowera phokosolo ali m'mimba, n'chifukwa chake akugona."

"Ndinali pabedi, mwana ali m'manja."

"Munthu wolota amadziwa pamene ali?"

Madzulo ake bamboyo anachotsa lamba wa makina, n'kumupinda, n'kupita naye kuntchito m'thumba la jekete. Analakwitsa chinthu chimodzi chokha: ali m'njira anaimbira foni mayi ake n'kuwafotokozera zonse.

Telala naye anali ndi nzeru zake. Asanagone anawaza paudala wa mwana pachopondera mpaka chinayera. Usiku umenewo makina analiranso, koma mopepuka, popeza popanda lamba singano siyenda, chimangogwedera ndi chopondera chokha. Mwana anagona. Kutangoyera, Telala anayang'ana kaye kumapazi kwake, ndipo kunalibe paudala ngakhale pang'ono. Anakwawa kukasuzumira pansi pa makina. Paufa woyerawo panali mapazi awiri osavala nsapato, aang'ono kuposa ake, lakumanzere lili patsogolo pang'ono, monga amapondera amisiri akale. Anakhala pansi nthawi yaitali akuwayang'ana. Atamva mwamuna wake akutsegula geti anatenga chiguduli n'kupukuta, ndipo iye mwini sankadziwa ngati akubisa mantha ake kapena akubisa mlendoyo.

Pofika masana nkhani inali itazungulira mdadada wonse. Ena ankati mutu wa Telala sukuyenda bwino, zimachitika mkazi akangobereka. Ena ankati makinawo anawagula pamaliro. A Wailesi ankati iwo akudziwa bwino: mwini wake woyamba anali mayi wina wamfupi amene anasoka timalaya ta ana a anthu zaka makumi anayi, wake osamuonapo.

"Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe," ananong'ona a Wailesi pampopi, "koma mwambi umenewu akufa asamautengere pamtima."

Apongozi anafika tsiku lomwelo ndi chikwama chaching'ono ndiponso chitini cha mkaka wa ana, chimene anachiika patebulo poonekera. Sanali munthu woipa. Analera ana asanu ndi mmodzi, ndipo ankakhulupirira kuti zimenezi zinawapatsa ufulu pa mwana aliyense wolira. Anayang'ana mpongozi wawo, tsitsi losapesa, maso olowa.

"Mwana wanga, wadwala iwe. Mdzukulu wangayu ndimutenga ukapume. Mkaka ndagula kale."

"Amayi, akuyamwa bwinobwino. Musanditengere mwana."

"Munthu womva makina akusoka okha angagone ndi khanda? Tsiku lina udzamuika pansi pa singano."

Telala anagwada, bala likumukoka, misozi ikugwera pamutu pa mwana. Apongozi anapumira m'mwamba.

"Chabwino. Makinawa achoke lero, ndipo ine ndigona pano. Mwana akachezera kulira, kapena ndikamvanso za makina pakamwa pako, mawa ndinyamuka naye."

Mwamuna wa Telala ndi mnzake wa kuntchito ananyamula makina kupita nawo kwa mchimwene wa bamboyo, tsidya lina la msewu waukulu. Pakona panatsala mpando wokha.

Mwana anayamba kulira pa nthawi yake. Apongozi anamutenga mwamatama, kumuyimbira, kumugwedeza, kumugoneka chafufumimba pamiyendo, kumuzunguliza chipinda. Itakwana wani koloko anamubweza kwa mayi ake, n'kugona pamatiresi pansi, ndipo posakhalitsa anayamba kuliza mkonono. Telala anatsala yekha mumdima ndi kulira kuja. Anayesa bere, mwana analikana. Anayesa kutsanzira makina ndi pakamwa, kugogoda bedi ndi chidendene, koma mwana anakuwa kwambiri ngati wanyozedwa. Pamatiresi apongozi anatembenuka, mkonono unadukiza, n'kuyambiranso. Telala anadziwa kuti akadzuka kachiwiri nkhani yatha, ndipo anaona m'maganizo mwake basi ya m'mawa, mwana ali kumsana kwa agogo ake, iye akubwerera m'chipinda chopanda kanthu mabere akutuluka mkaka. Mantha amenewo anaposa ena onse amene anakhala nawo sabata imeneyo.

Ndipo mpando wa pakona unalira.

Kunalibe gudumu, kunalibe chopondera, kunalibe chitsulo chilichonse pakona paja, koma phokoso linabwera lonse, lolemera, la makina okhala ndi lamba wake, singano ikuboola nsalu imene kunalibe. Gwede, gwede, gwede. Simenti inkanjenjemera pang'ono pansi pa bedi. Mwana anameza kulira kwake, anaguza mpweya kawiri, n'kutembenuzira nkhope kumdimako.

Telala anatambasula dzanja kuti agwedeze apongozi. Akanadzuka n'kumva okha, bwenzi atadziwa kuti mpongozi wawo si wamisala. Koma akanamva, sakanalola mdzukulu wawo kugonanso m'nyumba imeneyo, ndipo akanapanda kumva, ndiye kuti misala yatsimikizika. Dzanja linaima m'malere, chala chitatsala pang'ono kukhudza phewa lawo. Phokoso linkakulirakulira, ngati wosokayo wayamba kukondwa ndi ntchito yake, ndipo mkonono wa apongozi unadukizanso.

Telala anabweza dzanja, n'kukumbatira mwana wake. Anayang'ana kukona kumene sankaona kanthu, n'kunong'ona mwaulemu monga amalankhulira ndi munthu wamkulu.

"Pepani, chepetsani pang'ono. Mungawadzutse agogo ake."

Makina anaima. M'chipinda munangoti zii. Kenaka anayambanso, pang'onopang'ono, motsitsa kwambiri, kuti amve ndi mwana yekha ndi mayi ake.